Bokosi Lakuda la Alamu Anga

Cyprian anabwera kwathu ngati mkamwini, ndipo ine sindinamukhulupirire kuyambira tsiku loyamba. Munthu wofatsa mopyola muyezo amandikayikitsa. Anakwatira mng'ono wanga Agnes, n'kumanga nyumba kuseri kwa nyumba ya amayi, m'mudzi mwathu cha ku Guilleme. M'mawa uliwonse ankakwera njinga yake yamoto kupita ku boda ya Zambia, komwe anali ndi kashedi kowotchererapo zitsulo. Thiraki ikathyoka chitsulo podikira mapepala, madalaivala ankafunsa za iyeyo. Makolo ake anachokera ku Phalombe kudzalima fodya pa esiteti ina cha kwa Mavwere, ndipo onse anatsikira kulichete komweko. Choncho kuno analibe malume, analibe mbale woti n'kumulankhulira zinthu zikavuta. Chomwe anali nacho ndi Agnes, ana awiri, ndi nyumba yomangidwa pa dothi la eni.

Mowa sankamwa. Fodya sankasuta, ngakhale anakulira m'zigafa. Chomwe chinamulowa m'mutu ndi nyimbo. Dalaivala wina wa ku Botswana anamusiyira kamemore khadi kodzaza ndi nyimbo zomwe eni ake amati hevi meto. Ine ndimagulitsa mtedza ndi chiponde pa boda pomwepo, ndiye tsiku lina ndikudutsa pashedi pake ndinamva chiphokoso, ndinayesa makina owotcherera aonongeka. Magitala ankalira ngati chigayo chikameza mwala, ndipo woimbayo sankaimba ayi, ankabangula kuchokera kukhosi.

"Alamu, mwadwala ndinu kapena wadwala ndi woimbayo?" ndinamufunsa.

Anakweza chigoba chake chowotcherera n'kuseka. "Khalani pansi kaye, alamu, mumvetsere bwino. Muli dongosolo m'menemo."

Dongosolo sindinalimve. Koma chaka chisanathe iye anali atagula gitala yamagetsi ku Chipata, ndi kabokosi kake kokuzira mawu. Pa kaunjika anayamba kusankha matisheti akuda okhaokha, ena ojambulidwa zigaza. Kenaka anayamba kusowa: mwezi ukatha, Loweruka, ulendo wa ku Lilongwe, gitala kumsana.

Apa m'pamene mudzi unadzuka. Amayi ankati ku Lilongwe kuli mkazi. Azimayi a pamjigo ankati si mkazi, ndi zasataniki, nanga n'chifukwa chiyani mathiraki onse amathyokera pakhomo pa shedi yake? Agnes ankangoti, "Amapita kukaimba," koma ankanena akuyang'ana pansi. Ine ndinkakhulupirira zonse ziwiri, mkazi ndi satana yemwe, chifukwa sindinkaona kuti chimodzi chingaletse chinzake bwanji.

Malume athu a Timoteyo, amene ndi mwini mbumba yathu, anandiitana. Ndi munthu wosakweza mawu, mlimi wa fodya, wakhala akuimba kwaya kutchalitchi kuyambira ali mnyamata. Anati, "Iwe ku Lilongwe umakudziwa. Ukamutsate, ukaone ndi maso ako."

Ukazitape wanga unathera pa depoti. Ndinakwera minibasi ina, ndinafunda chitenje mpaka kumaso, koma nditangotsika ndinamupeza akundidikira.

"Alamu, ngati mukunditsatira, tiyeni tiyendere limodzi," anatero. "Kumene tikupitako nokha sakulowetsani."

Manyazi anandigwira, koma ndinapita. Malowo anali m'kati mwa mzinda, bala ya mpanda wautali, kapinga wometa bwino, magalimoto atandanda panja. Dzuwa linali lisanalowe. Pageti mlonda ankalowetsa ana a mabwana osawakhudza n'komwe. Atafika Cyprian, mlonda uja anamuyang'ana nsapato zake zopsa ndi moto wa zitsulo, anamupisa m'matumba onse, anatsegulitsa thumba la gitala, kenaka n'kufunsa kuti gitalayo ndi ya ndani. Mtima wanga unayamba kuwira. Mlamu wanga ndimamunyoza ndine, osati mlonda wa eni.

M'katimo munali anthu ochepa, osakwana n'komwe amene amabwera kumphakati kwathu. Onse anavala zakuda, ena tsitsi lalitali, azungu angapo. Ndinayang'ana paliponse kufuna makandulo, magazi, kapena mkazi womuyang'ana Cyprian mwachilendo. Ndinangopeza madzi a m'botolo odula ngati mankhwala. Anzake sankamutchula dzina, ankangoti "Mchinji", dzina la boma la kwathu. Yekhayo amene anandipatsa moni mwaulemu anali woimba ng'oma, mnyamata wamtali dzina lake Dickson.

Atamupatsa mpata Cyprian anakwera pansanja. Ndinene zoona, ndinachita mantha, koma osati mantha amene ndinabwera nawo. Munthu amene kwathu amalankhulira pansipansi, amene akaona amayi amapatuka njira, anaima chilili, miyendo atatangadza, zala zikuthamanga pazingwe, nkhope ili ngwee. Sindinamuonepo akusangalala chonchija, ngakhale pa ukwati wake. Ana a mabwana aja ankagwedeza mitu ngati nkhuku zikujompha, mafoni ali m'mwamba.

Atangotsika, mtsikana wina anakuwa kuti foni yake yasowa. Palibe anatchula dzina la munthu, koma maso onse anatembenukira kwa munthu yemweyo amene ankamuombera m'manja. Mlonda anabweranso n'kumupisa kachiwiri. Foniyo inapezeka pampando wa galimoto ya mwini wake. Pepani sanamvekepo.

Tikubwerera ndinamufunsa, "Ndiye mumadzera zimenezi, alamu? Kudzapisidwa m'matumba?"

"Kuno masipika ndi abwino," anatero. "Magetsi akazima amayatsa jenereta, palibe amakuzimitsira nyimbo pakati. Koma ndimakhala mlendo. Tinayesako kunja kwa tauni, cha ku Njewa, pa bala ina ya bwalo lalikulu. Kumeneko palibe amakupisa m'thumba, ndipo aliyense amalowa. Koma tisanamalize nyimbo yachiwiri, oledzera anayamba kukuwa kuti akufuna zovina, mpingo wa pafupi unatuluka kudzatipempherera pampanda, mwini bala n'kuzula waya."

"Ndiye bola kuti?"

"M'tauni amandiyesa wakuba. Kunja kwa tauni amatiyesa asataniki tonse. Bola kunja, alamu, chifukwa kumeneko sindikayikiridwa ndekha."

Kunyumba ndinafotokoza zonse mmene ndinaonera. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, koma ndinangodziputira. Azimayi a pamjigo anati andidyetsa kanthu kumeneko. Amayi anati mwamuna wochenjera sangaonetse chibwenzi tsiku limene akudziwa kuti akumutsatira. Malume anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati mudzi sungakhale ndi mantha chifukwa cha munthu mmodzi wobwera. Cyprian asankhe: asiye nyimbozo, apo ayi achoke, ana atsale kuno kwawo.

Cyprian anagwada patali monga amachitira mkamwini, n'kupempha chinthu chimodzi. Anati amulole aitane anzake aja adzaimbe konkuno, masana dzuwa likuswa mtengo, m'chigafa cha malume chomwe chinali chopanda kanthu chifukwa fodya anali atapita kale kumsika. Aliyense adzaone, adzagwire zipangizozo ndi manja ake. Ngati mudzapezeke choipa, adzachoka yekha. Malume anavomera, kungoti ana adzakhale kumbuyo.

Tsono kuti mumvetse zimene zinachitika Loweruka limenelo, muyenera kudziwa za mlongo wathu Rodrick. Iyeyo anapita ku Joni kalekale kukagwira ntchito m'minda ya maluwa. Kuyambira nthawi ya dzinja ankadwala chifuwa, ndipo mawu ake pafoni ankanka nachepa. Sabata imeneyo foni yake inali isakupezeka. Amayi ankayenda ndi foni yawo atamanga pansonga ya chitenje, ikangolira ankathamangira kuimasula. Ndipo kuno aliyense amadziwa mmene anthu athu omwalirira ku Joni amabwerera: pa galimoto yokoka kangolo kumbuyo, ndi anthu achilendo operekeza.

Dickson ndi anzake anabwera pa galimoto yokoka kangolo. Atafika pakadambo kolowera m'mudzi, tayala la kangoloko linaguluka. Dickson anachita zimene dalaivala aliyense amachita galimoto ikafa: anathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti odutsa achepetse liwiro. Pamsewu wa tala zimenezo n'zabwinobwino. Koma pa kamsewu kafumbi kolowa m'mudzi, masamba oyala chonchija amanena chinthu chimodzi chokha, kuti pano pagwa zovuta.

Poona kuti mudzi uli pafupi, anyamatawo anatsitsa sipika yaikulu kuposa zonse, bokosi lakuda lalitali ngati munthu, n'kulinyamula chogoneka, ena uku ena uku. Linali lolemera, ndiye ankayenda pang'onopang'ono, mitu ili pansi, osalankhula, onse atavala zakuda.

Azimayi a pamjigo ndi amene anayamba kuona. Anasiya ndowa zikusefukira. Ine ndinali kuseri ndikuswa mtedza pamene ndinamva mfuu: "Mayo! Afika a ku Joni!" Cyprian anali m'chigafa kulimbana ndi jenereta, sanamve kanthu. Tonse tinkadziwa kuti kubwera alendo a nyimbo, inde, koma tinkayembekezera phokoso ndi magitala. Palibe anaganiza zoti anthu a phokoso angalowe m'mudzi mwakachetechete chonchija.

Amayi anatuluka m'nyumba, anaona bokosilo likubwera, n'kudzigwetsa pansi. Anagubuduka m'fumbi akuitana dzina la mwana wawo. "Rodrick mwana wanga ine! Wabwera chonchi?" Agnes anawagwera pamwamba. Inenso ndinathamanga manja ali kumutu, ndikulira mokweza. Amuna amene ankadutsa panjinga anatsika n'kuvula zipewa. Ena anali atayamba kale kutulutsa mipando, wina atathamangira kukauza adzukulu okumba manda. Anyamata a ku Lilongwe aja, poona mudzi wonse ukulira, anaganiza kuti afika pa maliro enieni, ndiye anaweramitsanso mitu kwambiri n'kumabwerabe.

Ndinazindikira nditafika pafupi. Misozi ili m'maso, ndinaona kuti wamtali wa kutsogoloyo ndikumudziwa.

"Dickson! Tulani pansi! Muli chiyani umo?"

"Sipika, mayi," anayankha. Anaiimika, n'kuchotsa nsalu yokutira.

Mwina mukuseka. Anthu a pa boda ndikawafotokozera amaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo ine ndimapsa mtima. Kwathu palibe anaseka. Kulira kunaduka pakati, kunangoti zii. Amayi anakhala tsonga m'fumbi muja, mpango utagwa, akuyang'ana sipikayo. Anali atalira maliro a mwana wawo, atamutchula dzina pamaso pa mudzi wonse, iye ali moyo. Kwathu amenewo ndi malodza oopsa. Kulira munthu wamoyo kuli ngati kumuitanira imfa.

Cyprian anatulukira ali ndi waya m'manja, anayang'ana amayi, anayang'ana sipika, nkhope yake inagwa. Mnyamata wina wa m'gulu lija anatulutsa foni kuti ajambule, Dickson anamumenya padzanja. Agnes anaimbira mnzake wa Rodrick ku Joni, ndipo patapita kanthawi tinamva mawu a Rodrick mwini wake, ofooka, akufunsa kuti kwagwanji. Amayi anakana kuigwira foniyo.

Palibe chingwe cha gitala chinakhudzidwa tsiku limenelo. Alendowo anakonza tayala lawo n'kubwerera, atapepesa mpaka kutopa. Pamjigo nkhani inali itapsa kale: si ngozi imeneyi, anachita kukonza, ndi mmene asataniki amaperekera munthu nsembe, amayamba amuliritsa abale ake. Ine ndinkadziwa kuti tayala linagulukadi, ndinaliona. Komabe ndisaname, usana wonse ndinkadzifunsa kuti bwanji linagulukira pamenepo, osati ku Namitete kapena kwina kulikonse.

Mawa lake malume anaitanitsa banja lonse. Sanakalipe.

"Bambo a ana," anatero kwa Cyprian, "kaya munachita dala kaya ayi, ine sindingalowe mumtima mwanu. Koma m'maso mwa anthu, anzanu amunyamula kale Rodrick kamodzi kulowa naye m'mudzi muno. Kuti zimenezi zifafanizike, ayenera kulowa yekha ndi mapazi ake, mayi ake amuone akuyenda. Akalowanso atanyamulidwa, kaya m'bokosi kaya pamachira, inu mudzanyamuke tsiku lomwelo. Ana ndi athu."

Kuyambira pamenepo moyo wa Cyprian unali pa chifuwa cha munthu wina, kutali ku Joni. Ankaimba foni m'mawa ndi madzulo. Rodrick akatsokomola pafoni, thukuta linkatuluka kuno. Kushedi nyimbo zinaleka. Matisheti akuda aja Agnes anawang'amba n'kukhala zokolopera. Ana awo kusukulu anzawo anasiya kugawana nawo zakudya. Anthu ankabwerabe kudzawotcheretsa makasu ndi njinga, poti wowotcherera wabwino ngati iye kunalibe, koma ankaima patali, ndipo polandira chenji ena ankayamba apemphera chamumtima, milomo ikugwedera.

Kenaka tinamva kuti gitala ija wagulitsa, pamodzi ndi kabokosi kake. Pamjigo anati akubisa umboni. Zoona zake n'zakuti anapangana ndi dalaivala wina wa thiraki, amene anamuwotchererapo kambirimbiri, wodzera ku Zambia pochokera ku Joni. Dalaivalayo anavomera kumutenga Rodrick, kumugoneka pa kabedi ka kuseri kwa mpando. Gitalayo ndi imene inalipira ulendowo ndi mankhwala a panjira.

"Alamu, nanga akakathera panjira?" ndinamufunsa. "Simukuona kuti adzati mwamalizitsa ndinu?"

"Akathera ku Joni adzateronso," anayankha. "Bola ayesere kubwera."

Thirakiyo inafika pa boda masana ena a mwezi wa Okutobala, kukutentha koopsa. Ndinasiya mtedza wanga kwa mnzanga n'kuthamangira komweko. Cyprian anakwera n'kutsika ndi Rodrick m'manja ngati mwana. Mlongo wanga, amene anachoka kuno ali chimunthu chonyamula thumba la feteleza paphewa limodzi, anali atatsala mafupa okhaokha. Ndinaluma chitenje kuti ndisalire. Ndinali nditamulira kale kamodzi, sindikanabwerezanso.

Tinachita hayala galimoto yaing'ono. Rodrick anagona pamiyendo panga njira yonse. Zimene malume anagamula ankazidziwa, Agnes anali atamuuza pafoni. Titayandikira nyumba zoyamba anatsegula maso.

"Imani apa," anatero. "Nditsika."

"Achimwene, simungathe," ndinamuuza.

"Ndati nditsika. Alamu, tandigwirani."

Anayesa kuima, maondo anapinda nthawi yomweyo. Cyprian anakoleka dzanja la Rodrick paphewa pake, ndipo dzanja lake lamanja analilowetsa kunsi kwa jekete la Rodrick n'kugwira lamba wa thalauza chakumbuyo. Ndi dzanja lozolowera kunyamula zitsulo za mathiraki. Anayamba kuyenda, ine ndili pambuyo.

Mudzi wonse unali panja. Palibe analira, palibe analulutira, palibe anathamanga kudzatichingamira. Onse ankayang'ana pansi, pa mapazi a Rodrick. Ine ndinali kumbuyo, ndiye ndinkaona bwino kuposa aliyense. Phazi limodzi linkayesa kuponda, linalo linkangokhwekhwereza, ndipo tikuyandikira pabwalo onse awiri ankangolemba mizere m'fumbi. Msana wa malaya a Cyprian unali utanyowa wonse.

Amayi anali ataima pakhonde. Malume anabwera n'kuima pambali pathu. Anayang'ana mizere ija nthawi yaitali, kuchokera pomwe tinaima mpaka komwe inayambira. Anthu anayamba kunong'onezana. Agnes anali atagwira ana ake awiri, wina dzanja ili wina dzanja ilo, ndipo ndinaona kuti akuwafinya.

"Achemwali," malume anatembenukira kwa amayi, "amene munalira ndinu. Tiuzeni inuyo. Mwana wanu walowa bwanji m'mudzi muno?"

Amayi anatsika pakhonde. Anafika pafupi, anagwira nkhope ya Rodrick ndi manja awiri. Kenaka maso awo anatsika mpaka pajekete paja, pomwe mkono wa mkamwini wawo unalowera. Anauona. Ndikutsimikiza kuti anauona, chifukwa anakoka jeketelo pang'ono n'kuuphimba bwino.

"Walowa akuyenda," anatero amayi mokweza. "Kapena pali amene waona zina?"

Malume anagwedeza mutu. "Ndamva," anatero. "Nkhani yatha. Bambo a ana, pano ndi panu."

Agnes anakhala pansi pomwepo n'kubisa nkhope m'chitenje. Koma Cyprian sakanatha kugwada kuti athokoze, sakanathanso kupita kwa ana ake. Akanangomasula dzanja, Rodrick akanagwa pamaso pa anthu onsewo. Choncho anaimabe padzuwa paja, atagwira lamba, mano ataluma, kudikira kuti anthu abalalike. Ndipo anthu a kwathu sabalalika msanga.